Nambala ya Galimoto Yoyera

Uliwa, Karonga

Mdzukulu wanga Clifford,

Monire. Kaya mwadzuka bwanji ku Lilongweko, iwe ndi mkazi wako Ruth, ndi kamwana kaja sindinakaonebe? Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akukana. Chinangwa chachita bwino chaka chino, mpunga ayi.

Ndikulemba m'Chichewa poti Chitumbuka unachisiya pachipata cha sukulu. Ndiponso ndikulemba ndi dzanja langa, uwerenge movutika momwemo. Nkhani iyi si yolembetsa kwa munthu.

Yunike ukumudziwa, mkazi wa Zebedee, uja ankanditungira madzi. Mwendo wakumanja anaudula kuchipatala, pamwamba pa bondo. Ankagulitsa usipa pamsewu, lero amakwawa kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi. Zebedee, mwamuna wa mkamwa mokha, anapirira miyezi inayi, kenako n'kukakwatira ku Vinthukutu. Ati iye sanalowole munthu woti azimunyamula. Ana atatu anamusiyira.

Tsiku limene anagundidwa ndi galimoto ndi lija unaima pano mu Novembala chaka chathachi, ukuchokera ku Dar ndi galimoto yoyera ya bwana wako. Unandipatsa chitenje. Dora, mwana wa amalume ako, anatijambula titaima kutsogolo kwake, ine ndikuseka ngati chitsiru. Unanyamuka mothamanga, uti dzuwa lisakulowere usanakwere chikweza cha Chiweta. Madzi amene ndinateleka asanawire, kumsewu kunamveka mfuu.

Anthu anangoti galimoto yoyera, sinaime. Zoyera n'zambiri, inenso ndinadziuza choncho. Koma iwe unandiimbira tsiku lomwelo, kufunsa ngati mayi uja wadzuka. Clifford, anakuuza ndani kuti ndi mayi? Kuyambira pamenepo pa Uliwa umadutsa ngati pali mliri.

Apolisi atabwera ndinati maso anga ndi okalamba, galimoto zonse ndimaziona ngati ng'ombe. Anaseka, n'kulemba. Chithunzi chija Dora anali atachichapitsa. Ndinachibisa pansi pa sutikesi chifukwa nambala ikuoneka bwinobwino pafupi ndi mwendo wanga. Ndinanama, ine mayi wa Umanyano, wovala zoyera kutchalitchi Lachisanu lililonse.

Sabata yatha kunabwera loya wochokera ku Mzuzu, mayi Carol, wothandiza anthu ovulala pamsewu. Anakhala pamphasa kwa Yunike, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa. Anati lipoti la apolisi lilipo, la dokotala lilipo, ndipo lamulo limalola wovulala kusumira a inshuwalansi a galimoto imene yamugunda. Akapambana angapeze mwendo woikirira ndi poyambira moyo. Koma popanda nambala, ati, palibe womusumira, khoti silizenga mlandu mphepo. Anatinso nthawi yosumira ili ndi malire, ikatha yatha, ungalire bwanji.

Yunike anangoti zilibe kanthu, Chiuta ndiye anaiona nambalayo. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kupepesa kuti masiku ano sakunditungira madzi. Kundipepesa ine! Mpeni unandigwa m'manja.

Ndinamuperekeza loyayo mpaka kumsewu. Ndinafunsa ngati za munthu wina, kuti nanga dalaivala akapezeka amutani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mayi uja si wopusa. Anati zolipira ndi za a inshuwalansi ngati galimoto inali ndi mapepala, koma kuthawa munthu ali gone pamsewu ndi mlandu wa dalaivala mwini. Kundende angapite, sangandinamize. Koma wobwera yekha ndi wochita kukagwidwa, ati, khoti siliwaona mofanana.

Ndikudziwa, laisensi ikapita ntchito yapita, ndipo Ruth ali ndi khanda. Ndaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Ndinakulera ine amako atamwalira, ndinakutafunira chakudya. Ukuganiza kuti n'chapafupi kupereka mwana wako ndi dzanja lako? Koma iwe ukuyenda ndi miyendo iwiri. Mwana wamkulu wa Yunike wasiya sukulu kuti azisambitsa amake.

Mayi Carol abweranso pa 20 mwezi uno. Chithunzi ndikawapatsa. Usavutike kutuma Dora kuti adzachibe, ndikuyenda nacho m'chiuno. Usanditumizirenso ndalama za pafoni, zija za mwezi watha sindinakatape.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Bwera lisanafike tsikulo, ndi dzina la bwana wako ndi mapepala a galimoto ija. Tikayambire kwa Yunike, kenako kupolisi. Ndikakhala pambali pako, ndipo bodza langa ndikaliulula ndekha, andimange ngati akufuna nkhalamba. Ukapanda kubwera ndipita ndekha, ndipo akandifunsa dzina la mnyamata ali pachithunziyo sindidzanenanso za maso.

Undiperekere moni kwa Ruth, ndipo umuuze wekha asanamve kwa ena. Kamwanako ukapsompsone. Chiuta akusunge panjira, uyendetse pang'onopang'ono.

Ndine agogo ako, okukonda ngakhale lero,
NyaMsiska