Ndinawapumitsa Bambo Ntchito Osawauza

Burbank, California
9 Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Glenn,

Ndikhulupirira uli bwino ku Anchorage kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga Paulette ndi ana. Bondo lija linapola? Ine ndilipo, kutopa kokha. Bambo m'thupi ali bwino, akudya ngati mnyamata.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sundipatsa mpata. Umacheza nawo mphindi zisanu Lamulungu, iwo n'kukuseketsa, iwe n'kundiuza kuti mdala akumveka wamphamvu. Munthu wachita zisudzo zaka makumi asanu, Glenn. Angalephere kukupusitsa mphindi zisanu?

Mu Meyi chaka chatha anawaitana kukasewera ngati woweruza m'sewero lina la pa TV. Mawu awo anali mizere inayi yokha. Munthu amene kale ankaloweza masamba khumi uku akumeta ndevu anabwereza kamakumi awiri, osaitha. Atawamasula anakwera galimoto n'kusochera. Ndinakawapeza ku Pasadena, pamalo omwetsera mafuta, akadali mu mkanjo wa woweruza, akusayinira anthu timapepala ngati palibe chachitika.

Dokotala anati ndi matenda oiwala, angoyamba kumene. Bambo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale iwe. Ndinasunga. Koma pali china chimene ndinachita pandekha, ndipo ndibwino uchimve kwa ine iwo asanakuuze mokometsera.

Ndinaimbira mayi Sylvia, aja amawapezera ntchito kuyambira tili ana, n'kuwauza kuti a Russell Dabney apuma, asawavutitsenso. Ndinati bambo ndiwo andituma. Linali bodza. Sindinafune kuti akaimenso pamaso pa kamera anyamata a magetsi akuyang'ana pansi chifukwa cha manyazi.

Miyezi isanu ndi itatu ndinaona zakuda. M'mawa uliwonse amameta, kuvala jekete, kukhala pakhonde foni ili pamwendo. Ikalira, amayamba atsokomola kukonza mawu, kenako n'kupeza kuti ndi otsatsa malonda. Amati Hollywood ndi mzinda wosayamika. Amandiwerengera ntchito zawo zonse pa chakudya: wapolisi, wansembe, wakuba ng'ombe, zaka zisanu ndi ziwiri zija monga mkulu wa ozimitsa moto. Tikamaonera TV amakalipira osewera kuti sadziwa kugwa akawomberedwa. Tsiku lina anandionetsa kagwedwe koyenera pabalaza, ndipo tinathera kuchipatala ndi chigongono chotupa.

Loweruka lapitalo tinapita kumaliro a mnzawo wina wa zisudzo. Pamenepo panabwera mtsikana wotchedwa Danita Okafor, wotsogolera mafilimu. Anawagwira dzanja n'kunena kuti anamva chisoni bambo atakana filimu yake, chifukwa mbali ya agogo anailemba akuganiza za iwo. Anati anakula akuwaonera akuzimitsa moto.

Ine ndinadziwa pomwepo kuti anawakanira ndi mayi Sylvia, chifukwa cha bodza langa lija. Bambo sanaphethire n'komwe. Anamwetulira, nati munthu wamkulu amaloledwa kusintha maganizo, ndipo anapempha nambala yake. Titafika kunyumba anavula jekete, naipachika bwinobwino, kenako anati:

"Marlene, ndafapo kakhumi ndi kamodzi pa kanema, koma nthawi zonse ankandiuza tsiku. Iwe wandikwirira osandiuza."

Ndinalira, ndinapepesa, kenako ndinakwiya. Ndinawafunsa kuti ndani anakawatola ku Pasadena, ndani amawerenga mankhwala, ndani amazimitsa mbaula akaiwala. Anayankha kuti zonsezo akuthokoza, koma dzinalo ndi lawo, ndipo ngati lichite manyazi, alichititse okha.

Lolemba anamuimbira Danita ine ndili pomwepo, n'kumuuza matenda awo onse osabisa, zimene anandiletsa ine kunena miyezi yonseyi kasanu ndi kawiri pa tsiku. Ndinkayembekeza kuti mtsikanayo athawa. Sanathawe. Anati mawu adzawalembera pa zikwangwani kuseri kwa kamera, ndipo adzajambula m'mawa mutu ukadali wopepuka. Koma a inshuwalansi akuti sangalole pokhapokha wachibale akhale nawo tsiku lililonse.

Akajambulira ku Albuquerque, milungu itatu, kuyambira pa 10 Malichi. Ine sindingasiye ana amene ndimaphunzitsa pakati pa teremu, masiku anga atchuthi onse anathera m'mizere ya kuchipatala. Ndipo ngakhale ndikanatha, iwo akuti sakundifuna. Akuti ndimawayang'ana ngati kapu imene ili m'mphepete mwa tebulo. Akufuna iwe, mwana wabwino amene sunawalakwirepo, popeza suli kuno.

Ndiye bwera, Glenn. Usandiuze za ntchito, ndikudziwa kuti nyengo yozizira maboti ako amangokhala padoko. Ntchito yake ndi yochepa: kuwadzutsa, kuwapatsa mapiritsi, kubisa makiyi a galimoto, ndi kuwaletsa kuphunzitsa anthu kugwa. Mwina achita bwino. Mwina udzawabweretsa kunyumba tsiku lachitatu. Zonsezo ndavomera. Chimene sindingavomere ndi kuti filimuyi iwapitirire kachiwiri chifukwa cha ife.

Masiku ano akuloweza mawu, ndipo ine ndimawawerengera mbali ya mdzukulu chifukwa palibe wina. Amati ndimawerenga ngati wolengeza zanyengo. Dzulo masana ananena tsamba lonse osaphonya liwu. Mawu aja anabwerera, aja ankatichititsa kusiya masewera tili ana. Ndinaiwala mzere wanga chifukwa chowayang'ana. Atamaliza anaseka, namenya tebulo, n'kundiuza kuti ndikaitane amayi kukhitchini adzamve.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi chiwaikire amayi m'manda. Ndinangoti atuluka pang'ono, ndipo tinayamba tsamba lachiwiri.

Undiyankhe sabata ino, ndipo uimbire ine, osati iwo. Undiperekere moni kwa Paulette, umuuze kuti ndikukubwereka chabe. Ana uwapsompsone. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akufewetse mutu wakowo.

Ndine mlongo wako wotopa,
Marlene