Admin Watseka Gulupu ya Banja

Lolemba

Azakhali, 09:12
bwana admin, foni yanga yadwala. ndikalemba pa gulupu ya banja ikukana

Admin, 09:40
sinadwale. ndatseka ndine, only admin

Azakhali, 09:41
ndalakwanji ine, mwana wa mchimwene wanga

Admin, 09:43
munafunsa kuti mwa achimwene anga awiri, dalaivala ndi mphunzitsi, anachedwa ndani kusiya kukodza pogona

Azakhali, 09:44
funso chabe kkkk. yankho ndi mphunzitsi uja. mabulangete ndinkachapa ndine

Admin, 09:52
munaona zotsatira zake? dalaivala kuseka, mphunzitsi kutukwana mkazi wa dalaivala, mpaka kulozana zala kuti ndani sabwera kudzaona adadi. ine kufufuta ma voice note pansi pa kauntala, makasitomala ali pa mzere. malamulo ndinaika, palibe amawerenga. ndatopa azakhali

Azakhali, 09:55
malamulo ako ndi aatali ngati pemphero la mlendo. ine sukulu ndinalekera pa geti

Azakhali, 14:20
tsegula

Lachitatu

Azakhali, 10:05
admin uli moyo?

Lachinayi

Azakhali, 11:31
🎤 0:52 "Mwana iwe, tamvera. Bambo ako chidwalireni sitiroko salankhula, koma makutu ndi amoyo. Anyamata aja saimba foni, ati kuimbira munthu wosayankha n'kovuta. Ndiye ndikafuna awamve mawu, ndimaponya kamwala pagulupu, iwo n'kuyamba kulalata, ine n'kuika foni papilo. Zotukwana ndimayamba ndamvera ndekha kukhitchini, sindiwapatsa. Tsiku la mabulangete lija bambo ako anaseka mpaka kunyowetsa kolala. Chitsekere iwe, akungoyang'ana foni patebulo."

Admin, 12:48
bwnj simunanene

Azakhali, 12:50
ndinayesa. ndikati lankhulani ndi bambo anu, amatumiza timanja topemphera tija. munthu angamve timanja?

Admin, 13:15
ndatsegula. ndalemba kuti aliyense atumize voice note ya moni kwa adadi, mwaulemu

Azakhali, 13:16
zkm bwana. tidikire

Azakhali, 15:40
zafika. timanja, timanja, ndi duwa

Admin, 15:58
ndaona

Azakhali, 16:02
adzuka. ndawamwetsa mankhwala, maso ali patebulo paja

Azakhali, 16:03
ndiyambe?

Azakhali, 16:19
admin

Admin, 16:31
za akazi awo ayi. za amene sabwera ayi

Azakhali, 16:32
dazi la dalaivala? lafika pankhongo, ndili ndi chithunzi

Admin, 16:33
ambuye ndikhululukireni

Admin, 16:33
yambani. chala changa chili pa delete

Azakhali, 16:47
🎤 0:09 "Mphunzitsi wayamba kale, dalaivala akujambula yake. Usandiimbire, foni ili papilo."