Bokosi la pa Positikhadi

Katawa, Mzuzu
14 Juni 1984

Wokondedwa mlongo wanga Hudson,

Monire uko ku Mangalande. Kaya uli bwanji, nanga maphunziro akuyenda? Ife kuno tilipo. Amama miyendo ikuwavutabe koma akuyenda, ana onse ali bwino. Za adada ndikuuza m'munsimu.

Kalata iyi sindinaiponye ku positi. Ndawapatsa mayi wachizungu amene ndimagwira nawo ntchito kuchipatala, akubwera kumeneko kutchuthi. Ukawerenga uiwotche.

Makalata ako takhala tikulandira ndipo timakondwa nawo. Tinamva zoti amakuphikirani mbatatesi yopanda mchere, zoti zovala umachapira m'makina, zoti kukalasi umapita pa sitima yoyenda pansi pa nthaka ngati mfuko. Tinamvanso zoti Loweruka lililonse umakazungulira mzindawo, kuona milatho, nyumba za mafumu akale ndi nkhunda zosaopa anthu. Palibe amene akukuletsa, maso ndi ako.

Koma Hudson, anakuphunzitsa ndani kulemba nkhani pa positikhadi yopanda envulopu? Zaka ziwiri zokha wachoka, waiwala kale dziko limene unabadwira? Ndakwiya nawe kwambiri, moti ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu ngati kale, ndevu zako zili pomwepo.

Ndikukumbutse zimene unalemba, poti iwe unaponya n'kupita kukadya mbatatesi yako. Unati Lamulungu unapita kupaki ina kumene munthu amakwera pa bokosi n'kumanyoza boma lake, apolisi ali chilili osamugwira. Ndiye unawonjezera kuti pobwera udzatenga bokosi lotere, tidzaliike pamsika wa Mzuzu, ayambe kukwerapo ndi adada poti amadziwa kulongolola. Ine ndikudziwa kuti unkaseka. Ndine ndekha amene ndikudziwa.

Khadilo unalitumiza ku adiresi ya sukulu imene adada amaphunzitsa. Amene amakatenga makalata ndi a Zebedee, kalaliki wa sukuluyo, omwenso ndi mlembi wa chipani m'dera lathu. Chifukwa cha chithunzi cha basi yofiira yosanjikizana ija, khadilo linazungulira chipinda chonse cha aphunzitsi. Aliyense ankati aone basi, akaona n'kutembenuza. Eni ake, adada, sanalilandire. Anakaliona koyamba patebulo la anthu amene anadzawatenga.

Lachinayi la sabata yatha anabwera amuna atatu pa galimoto, nawatenga adada m'kalasi choko chili m'manja. Anawasunga masiku awiri. Mafunso ake anali a bokosi lomwelo: lidzafika liti, lidzalowera malire ati, m'kati mwake muli chiyani, ndipo ndani mwa anthu othawa dziko lino akulitumiza. Adada anafotokoza kuti ndi bokosi wamba loimapo, mwana ankangocheza. Iwo anati ngati ndi macheza ndiye kuti m'nyumba mwathu timacheza zonyoza boma. Ukudziwa wekha mmene dzina lakumpoto limamvekera m'makutu mwa anthu amenewo.

Akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wako mlomo sunakutsate iwe, wadzagwira nkhalamba imene sinakwerepo ndege.

Anawamasula atasayina pepala. Pa pepalapo analemba kuti Hudson ndi mwana wopanda mwambo, maganizo ake si a banja lathu, ndipo sakumuwerengeranso pa ana awo. Ntchito awaimitsa mpaka nkhani itatha, ndipo awauza kuti akaonekerenso kwa amuna aja kumapeto kwa Julaye. Akapanda kukhutira nawo tsiku limenelo, sitikudziwa ngati adzabwerenso kunyumba.

Tsopano ndiulule zanga. Tsiku limene anatengedwa ndinatulutsa makalata ako onse m'sutikesi ya amama n'kuwawotcha pa mbaula, pamodzi ndi chithunzi chija unajambulitsa pamlatho, tsitsi lili yangayanga ngati suona lumo. Amama analira, akuti ndawotcha mwana wawo. Mpaka lero akandipatsa chinthu sandiyang'ana. Ndinapitanso kwa a Zebedee, ndinagwada ine mayi wa ana atatu, n'kuwanamiza kuti umandilembera kawirikawiri kuti khalidwe la kumeneko limakunyansa. Anangothokoza kuti yewo chomene, tidzaona kalatayo ikabwera.

Choncho lemba kalata, lero lomwe. Uiike mu envulopu, uitumize ku adiresi ya sukulu yomweyo, ndi zilembo zazikulu zowerengeka bwino, chifukwa owerenga ake si ife. Unene kuti zimene unaona kupakiko zinakuchititsa manyazi, kuti anthu akumeneko salemekeza akuluakulu, kuti bokosi linali nthabwala yachibwana ndipo ukupepesa. Uthokoze boma pokutumiza kusukulu. Ndikudziwa unyansidwa, uziti mlongo wanga akundiphunzitsa bodza. Inde ndikukuphunzitsa, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Choona chako ukalankhulire pa bokosi kumeneko, kuno tikufuna adada.

Adadawo anandiletsa kukuuza zimene anasayina. Lamulungu lapitali mlendo wina kutchalitchi anawafunsa kuti ali ndi ana angati, a Zebedee ataima chapafupi. Adada anati anayi, chikhalirecho tilipo asanu. Titabwerera ku Katawa analowa m'chipinda chimene unkagona iwe n'kutseka chitseko. Chakudya cha masana chinazizirira patebulo.

Mulungu akusunge, akupatsenso nzeru zimene sizili m'mabuku ako. Upereke moni kwa mayi amene umakhala kwawo. Amama akupereka moni, alamu ako a Moses ndi ana nawonso. Adada sanapereke moni, koma adiresi ili pa envulopuyi alemba ndi iwo.

Ndine mlongo wako,
Mabel