Chimangirizo cha Lefina

Wimbe, Kasungu
17 Febuluwale 2025

Okondedwa Achemwali a Phyllis,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula ikugwa ndithu, fodya wakhwima, anthu ali kalikiliki kuthyola. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nyumba zathu za aphunzitsi n'zogundana, ndipo masiku ano sindikudziwa amene akumvetsera.

Paja chaka chino Sisitere Goodness, mphunzitsi wathu wamkulu, anandipatsa Sitandade 6. M'buku la maluso a moyo muli mutu wa ntchito zosayenera ana. Ndinayamba kuuphunzitsa monga unalembedwera, osawonjezapo kanthu. Tsiku lotsatira, pa phunziro la Chichewa, ndinauza ana kuti alembe chimangirizo pa mutu wakuti "Zimene ndimachita ndisanabwere kusukulu."

Achemwali, ana khumi ndi anayi analemba chinthu chimodzi: amathyola fodya kuesiteti ya a Yobe. Mtsikana wina, Lefina, mwana wa tenanti, analemba kuti masamba akakhala ndi mame amamva chizungulire n'kumasanza, ndipo kapitawo amati ndi ulesi. Sabata yomweyo anakomoka pamzere wa mapemphero a m'mawa. Pomudzutsa ndinaona zikhatho zake zili bii ndi utomoni wa fodya.

A Yobe amenewa ndiwo wapampando wa komiti ya sukulu, ndiwonso anafolera tchalitchi chathu ndi malata.

Tsono ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Mlangizi wa maphunziro atabwera kudzayendera makalasi, anapempha makope a ana. Ndikanatha kumupatsa a masamu. Ndinamupatsa a Chichewa mwadala, la Lefina lili pamwamba. Anawerenga, najambula ndi foni yake, nachoka. Patatha sabata, kuesiteti kunafika galimoto ya boma kudzafufuza za ana ogwira ntchito.

Chiyambire tsiku limenelo ana khumi ndi anayi aja sanapondenso pasukulu. Ndinapita kukamuona Lefina, koma nyumba yawo ndinaipeza yopanda chitseko. Oyandikana nawo ankangoti, "Anasamuka," maso ali pansi. Ndi tenanti uti amasamuka fodya wake ali m'chigafa?

Lachisanu Sisitere anandiitanira kuofesi.

"Madamu, kuyambira Lolemba muziphunzitsa nyimbo ndi zojambula ku Sitandade 2. Mutu uja tiudumphe chaka chino."

"Koma Sisitere, mutuwo umabwera pa mayeso."

"Ndikudziwa," anatero akuyang'ana pazenera. "Bola alephere funso limodzi."

Dzulo titatuluka mu Misa, a Yobe anandipatsa moni wa manja awiri, akumwetulira, anthu onse akuona.

"Aphunzitsi, ndamva mumaphunzitsa bwino kwambiri."

Ndinathokoza. Kenaka anagwira mwana wanga Ennie pamutu.

"Kamtsikana kochenjera aka. Ndimakaona masana kakuchokera kotunga madzi, kokhakokha, panjira ya kudambo ija. Udzu watalika kumene kuja chaka chino."

Anatsanzika mwaulemu n'kukwera galimoto yawo.

Ndinadziuza kambirimbiri kuti mwina sanatanthauze kanthu. Koma lero masana Ennie wafika kunyumba akunyambita switi. Akuti wamupatsa ndi kapitawo wa kuesiteti, ndipo wamufunsa kuti amaweruka nthawi yanji.

Pempho langa ndi ili, Achemwali: alamu abwere Loweruka adzamutenge mwanayu. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi kuti ikupezeni msanga. Mpaka tsikulo Ennie azikhala nane m'kalasi, madzi ndizitunga ndekha. Ine ndikhalabe kuno mpaka teremu ithe, chifukwa ndikathawa anthu anena kuti ana aja ananama.

Ennie ndamuuza kuti akukacheza kwa amayi ake aakulu, ndipo wakondwa, wayamba kale kulongedza. Kukazizira amatsokomola, musamusambitse madzi ozizira. Nsapato zake zathina koma amakana kuzivula. Akamandifunsa, muzimuuza kuti ndikubwera pa Pasaka.

Moni kwa amayi, koma zimenezi musawauze, mukudziwa mtima wawo. Moni kwa ana onse. Alamu akatsika pa Wimbe asafunse njira kwa wina aliyense, ndipo asatchule dzina langa. Angolunjika kunyumba ya masisitere, adzatipeza tikudikira m'kati.

Mutipempherere.

Ine mng'ono wanu,
Consolata