Jekete la Eni Ake

Lolemba, 5 Meyi

Lero andipatsa ntchito ya munthu. Chifikireni pakampani pano ndakhala ndikusaka zilembo zosochera m'mabuku a anthu ena, maso kuwawa, digiri ili m'sutikesi ikucheza ndi mphemvu. Ndiye m'mawa Akonzi aponya pepala patebulo panga. Ati buku lathu lothandiza ana a sekondale kumvetsa ndakatulo za mayeso likusindikizidwanso, ndipo ndakatulo imodzi ndiisanthule ine. Imodzi yokha! Komabe ndagwira. Nthawi yanga yoyesedwa ikutha mwezi uno, ndipo anena mosabisa kuti tsamba limeneli ndi lomwe liwauze ngati andisunge kapena ayi.

Lamulo lawo ndi lomwe lija: “Mutu wa ndakatulo, mzere umodzi. Mwana wa mayeso alibe nthawi.” N'chifukwa chake Anti otayipa amawatcha a Mzere akangotuluka pakhomo.

Ndakatulo yake ndi “Jekete la Mkulu Wanga”. Mnyamata akuvala jekete la mkulu wake amene kulibenso pakhomo, ndipo sitiuzidwa ngati anamwalira kapena anangopita kutali. Buku lakale limati: Mutu: umphawi. Basi, nkhani yatha. Zaka zonsezi ana akuloweza liwu limodzili. Koma taona:

Manja ake amandipitirira zala,
ndimawapinda kawiri m'mawa uliwonse.
Pamsewu amandiitana dzina la mwini wake,
ndipo ine ndimatembenuka.

Umphawi uli pati pamenepa? Kutembenukako! Munthu akuitanidwa dzina losakhala lake, iye n'kuvomera. Funso lake ndi lakuti ndiwe yani ngati anthu anakusankhira kale. Ndaiwerenga m'basi mpaka kupitirira potsikira.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndamufunsa Magalasi, mng'ono wanga, popeza akulemba mayeso chaka chino. Anali akusita yunifolomu. Ndisanamalize kutchula mutu wa ndakatulo, iye “Umphawi!” ngati wamenyedwa ndi magetsi.

“Unaiwerengapo?”

“Ndiwerengerenji, yankho ndili nalo?”

Magazi anandiwira. Alamu, akupukuta mafuta a galimoto m'manja, ati: “Musiyeni mwana, aprofesa. Ine ndimakonza injini, sindifunsa kuti ikuganiza chiyani.” Achemwali anga, anamwino, anangoseka, akuvala nsapato zoyera kuthamangira kuchipatala. Nyumba yonse palibe wondimva. Ndiye ndikhale pano mpaka liti? Anzanga a m'kalasi ena akuyankhula kale pa wailesi.

Lachitatu, 7 Meyi

Masamba asanu ndi limodzi. Sindinalembepo chinthu chokoma chonchi. Mawa a Mzere aona.

Lachinayi, 8 Meyi

Aonadi. Anawanyamula ngati akuyeza kulemera kwake, n'kufunsa ngati ndawabweretsera zokulungira nsapato. Anawerenga tsamba loyamba lokha, magalasi ali pamphuno.

Ndinawauza kuti buku lakale linalakwitsa, ndipo tikuphunzitsa ana kusawerenga. Ndinaiwala kuti amene analemba buku lakalelo ndi iwowo. Anti anasiya kutayipa.

Sanakwiye, n'zimene zandipweteka. Ati: “Mwana wanga, aphunzitsi ambiri anakulira buku limeneli. Ochonga mayeso nawonso. Mwana akalemba zakozi, wochonga papepala lake pali ‘umphawi’. Walephera ndani pamenepo, iwe kapena mwanayo?”

Ndinangoti zinthu ziyenera kusintha. Iwo ati zisinthe ndithu, koma zisasinthire pamsana pa mwana wa eni.

Buku likupita kosindikiza Lachisanu la sabata yamawa. Ndikapanda kupereka chowagwira mtima, abwezera tsamba lakale, ndipo za ntchito yanga “tidzaona”. Ndimawadziwa “tidzaona” wa akuluakulu.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndinayesa njira yachidule. A Mzere atapita kubanki, ndinapereka masamba anga kwa Anti kuti angowalowetsa m'buku. Sanawagwire n'komwe. “Iwe mtsikana, chopanda inki yofiira ya abwana sichilowa mu kompyuta yanga. Ukufuna tonse tikagulitse tomato?”

Koma anandipatsa tiyi, n'kunditsina khutu. Ati kale a Mzere sankasindikiza tsamba latsopano asanalilawitse. Ankalinyamula kupita nalo kusukulu, wolemba n'kuliphunzitsa m'kalasi, iwo atakhala kumbuyo akuyang'ana nkhope za ana. Tsamba logonetsa ana ankaling'amba panjira pobwerera. Anasiya mawondo atayamba kuvuta.

A Mzere atabwerako kubanki, ndinawapingasa pakhomo asanakhale pansi. Ndinati tsamba langa alilawitse ngati kale, ana aweruze okha. Anayang'ana kwa Anti, Anti maso pa kompyuta ngati mngelo.

“Peza kalasi,” anatero. “Popanda masitepe.”

Ndaimbira mphunzitsi wa Magalasi. Wavomera, Lachiwiri m'mawa!

Loweruka, 10 Meyi

Kugolosale ndikugula sopo, kumbuyo kwanga wina: “Mng'ono wa anamwino!” Ndinatembenuka ndisanaganize. Mayi wina wofuna kudziwa ngati achemwali ali pantchito mawa. Ndayenda njira yonse ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Lamulungu, 11 Meyi

Magalasi sakundiyankhula. Wamva kuti ndikubwera m'kalasi mwake. Masana ndinamupeza kuseri akuchapa masokosi, akuwafinya ngati ndi khosi langa.

“Inu munakhoza kale,” anatero. “Ine ndikufuna kukhoza basi. Mukatisokoneza mitu, mayeso akabwera mudzakhala kuti?”

Ndinati ndikufuna aziganiza. Iye ati kuganiza adzayamba akalowa yunivesite. Kenaka anandipempha chinthu chimodzi: ndisakanene kuti ndife apachibale.

Mawu akewo ndi a a Mzere omwe aja, koma potuluka pakamwa pa mwana wa mayi anga akulasa pena. Nanga akadzalepheradi chifukwa cha ine?

Ayi. Ndikudziwa kuti ndikulondola. Ndikuganiza choncho.

Lolemba, 12 Meyi

Ndayeseza pagalasi. Alamu anamvetsera pang'ono, n'kufunsa ngati padzakhala womasulira.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Mphunzitsi anawononga poyambira pomwe: “Alendo athuwa ndi akulu ake a mnzanu uyu.” Kalasi yonse: “Achemwali a Magalasi!” Kunyumba ndine mng'ono wa anamwino, kusukulu achemwali a Magalasi. Mwiniwake anaika mutu padesiki.

A Mzere anadzipanikiza pa kadesiki kakumbuyo, mawondo kugunda thabwa. Ndinayamba kuwerenga masamba anga. Mawu akuluakulu onse aja, umunthu wobwereka, maso a gulu, kudzitaya kwa woyankhula. Ana ankalemba osadzutsa mitu, ngati akukopera mitengo ya katundu. Ndili patsamba lachiwiri, wina anakweza dzanja: “Madamu, pa zonsezi za mayeso ndi ziti?” Ndinayang'ana kumbuyo. A Mzere atatsinzina. Ndinaona ntchito yanga ikutuluka pawindo.

Kutsogolo kunali mtsikana wovala juzi lopinda manja. Ndinatsala pang'ono kumuloza, koma ndinagwira mtima, ndikanamuchititsa manyazi. Ndinaika mapepala pansi n'kunena kuti: “Siketi ndavalayi si yanga. Ndi ya achemwali anga. Kumbuyoku ndamanga ndi pini.”

Phokoso! Magalasi anadziphimba ndi buku. Ndinafunsa ngati ndili ndekha m'chipindamo wovala cha wina. Linakwera dzanja limodzi, ena awiri, mpaka pafupifupi theka la kalasi, akusekana, wina akuloza nsapato za mnzake. Ndinafunsa amene anaitanidwapo dzina la mkulu wake. Manja anachuluka kuposa poyamba. Ati aphunzitsi ndiwo amanyanya, amene anaphunzitsa mkulu wako sakuonanso iweyo.

Ndiye tinawerenga ndakatulo mokweza, tonse. Ndikukhulupirira ena kanali koyamba. Ndinafunsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani akutembenuka?

Wamtali wina wa kumbuyo anaumirira kuti ndi umphawi basi, akanakhala ndi jekete lake sakanavala la wina, ndipo anatiwerengera mzere wa chigamba cha pachigongono. Zoona, mzerewo ulipo, ine ndinaudumpha dala m'masamba anga. Ena anamukuwiza, ati nanga bwanji sakukana dzinalo, umphawi umatseka pakamwa? Anakangana mpaka mphunzitsi kugogoda tebulo.

Kenaka mtsikana wa juzi uja, motsitsa mawu: “Mwina akutembenuka chifukwa akufuna kulimvanso dzinalo. Kunyumba anasiya kulitchula.”

Masamba asanu ndi limodzi, digiri yonse, ndipo zimenezi sizinandifikepo m'mutu. Ndinamva nsanje, ndisaname. Belu linalira, palibe anaimirira.

Pobwerera ndinadikira kuti a Mzere anene kanthu. Anangoti ana a masiku ano ndi aphokoso, ndipo kadesiki kaja kawathyola msana. Koma sanang'ambe kanthu panjira. Ndinkawayang'ana manja.

Lachitatu, 14 Meyi

“Tsamba limodzi,” atero m'mawa uno. Osati mzere, tsamba! Koma ati mwana akaliwerenga adziwe cholemba pa mayeso, apo ayi abwezera lakale. Ndinafuna kupempha awiri. Anti anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Madzulo Magalasi anabwera kudzakhala pabedi panga, osandiyang'ana. Ati anzake akufunsa ngati ndidzabwerenso. Ati za pini zija sadzandikhululukira mpaka imfa. Kenaka: “Ndiye tilembe chiyani?”

Funso lomwe lija. Koma lero ananyamula ndakatuloyo m'manja.

Lachinayi, 15 Meyi

Kudula n'kowawa kuposa kulemba. Ziganizo zimene ndinkazinyadira ndizo zinayamba kupita. “Umunthu wobwereka” ndinaulirira pang'ono.

Tsamba latsala chonchi. Pamwamba funso: n'chifukwa chiyani akutembenuka? Pansi pake mayankho atatu, lililonse ndi mzere wa m'ndakatulo woliikira umboni. Umphawi, ndi chigamba chake. Kuvala dzina limene anthu akupatsa. Kulira m'bale amene palibe akumutchula. Pomaliza malangizo: yamba ndi umphawi poti ochonga ambiri amauyembekezera, koma usathere pomwepo, onetsa mzere, pitiriza.

Kuika umphawi poyamba kwandiwawa ngati kumeza mwala. Sabata yatha ndikanati ndagulitsa chikhulupiriro. Koma wamtali uja anali ndi mzere wake, ndipo Magalasi ali ndi mayeso ake.

Ndamuyesa Magalasi asanadye. Ndinamupatsa funso ngati la mayeso, iye n'kulemba tsamba lathunthu. Anayamba ndi umphawi, anathera kwina kumene ine sindinamutume: ati jekete likadzamukwana mnyamatayo ndiye tsiku loopsa, chifukwa palibenso adzakumbukire kuti munali anthu awiri. Ndinamufunsa kumene wazitenga. “M'mutu mwangamu, mumayesa muli thonje?”

Alamu ati tsopano aprofesa m'nyumba muno akwana awiri, iwo asamukira kugalaja.

Lachisanu, 16 Meyi

A Mzere anakoka mpando n'kukhala pambali panga, cholembera chofiira m'manja, Anti akudikira, wa galimoto yopita kosindikiza akuliza hutala panja. Ati ndiwerenge mokweza. Ndikuwerenga, iwo akudula. Liwu apa, liwu apo. Atafika pa yankho lachitatu anaima, n'kuzunguliza chiganizo chakuti maganizo amenewa anachokera kwa wophunzira wina m'kalasi.

“Izi n'zosafunika. Buku siliuza ana kuti laphunzira kwa mwana.”

Ndinati chimenecho chokha ndiye ayi. Akachichotsa ndiye kuti ndaba, komanso mwana wina akawerenga adziwe kuti yankho likhoza kuchokera padesiki ngati yakeyo. Sindinatsitse maso. Hutala panja. Anti akuyang'ana kudenga.

Anachiwerenganso chiganizocho, cholembera chili m'mwamba. Kenaka analemba kambali kuti “chisiyeni”, n'kusayina pansi. Anti analanda pepalalo ngati mphamba.

Ndimayesa zatha, koma anatsegula kabati n'kutulutsa buku la ndakatulo za chaka chamawa, latsopano, lonunkhira guluu. Analiika patebulo panga lonse.

“Izi ndi za mwezi wamawa ndi winawo. Uuze a maakaunti akupatse mapepala a ntchito yako usayine. Ndipo upeze sukulu ina, ya mipando ya anthu akulu.” Anatsegula tsamba loyamba n'kuligogoda ndi chala. “Tiye, yoyambayi. Mutu wake n'chiyani?”

Ndinaiwerenga pomwepo. Ya mayi wosoka zovala amene makasitomala amamuuza zinsinsi zawo koma palibe amamufunsa zake. Yankho linafika msanga pakamwa, lokongola, la mawu akuluakulu. Ndinalimeza.

“Sindikudziwa,” ndinatero. “Ndipatseni mpaka Lachitatu.”

Anti anasiya kutayipa, n'kutembenuza mpando wonse kuti andione bwino.