Ulusi wofiira pakhosi pa Karuppan

Kuala Lumpur
Mwezi wa Novembala

Okondedwa achemwali a Thavamani,

Landirani moni wanga inu ndi onse a pakhomo ku Sungai Siput. Kodi muli bwanji? Nanga amayi mawondo aja akupezako bwino ndi mafuta ndinatumiza aja, kapena angowatsekera m'kabati monga amachitira ndi chinthu chilichonse chabwino? Ine m'thupi ndilibe vuto, koma mumtima muli moto, ndipo kalata ino ndikuilemba nditakwiya.

Pa Deepavali sindinabwere, mukudziwa kale chifukwa chake. Akavalo sadziwa chikondwerero, amangofuna udzu ndi madzi. Mvula nayo yatipeza, denga la chipinda chathu likudonthera pamutu penipeni pa bedi langa, ndipo akuluakulu akungoti akonza. Koma izi ndi zazing'ono.

Nkhani yaikulu ndi ya Karuppan, kavalo wakuda uja ndakhala ndikumusamala, amene mutamuona pachithunzi munati tikufanana mphumi. Mukukumbuka kuti chaka chatha anavulala mwendo wakutsogolo wakumanzere. Miyezi yonse ija ndinali ine womuthira madzi ozizira, womumanga nsalu, womuyendetsa pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotuluka m'chipatala. Mwini wake, a Loke, ogulitsa misomali ndi malata aja, anali ataneneratu kuti kavalo wongodya iwo sasunga. Anati amupatsa mipikisano iwiri, akapanda kuona kanthu amugulitsa.

Kuti mumvetse bwino ndikuuzeni kaye za bolodi. Pabwalo la mpikisano wa akavalo pali bolodi lalikulu la magetsi. Pambali pa dzina la kavalo aliyense pamayaka nambala yosonyeza zimene wobetcha angalandire kavaloyo akapambana. Anthu akamuunjikira ndalama nambala imatsika, poti ogawana achuluka. Akamuthawa imakwera. Sindinama, nthawi zambiri bolodilo limanena zoona, chifukwa alipo anthu amene amalawirira m'mamawa kudzaonera akavalo akuyeserera. Amadziwa amene wanenepa ndi amene akutsokomola, ndipo ndalama zawo zimatsatira maso awo. Koma kumbuyo kwa munthu mmodzi wotero kumakhala chikhamu cha ongotsatira, ndipo a Loke ndiye mkulu wawo. Kavalo wawo yemwe samuyang'ana, amangokhala chokweza khosi kupenya bolodi, n'kumati ndalama sizinama.

Tsopano ndifike pa ulusi wanu. Munanditumizira ulusi wofiira wa kukachisi kuti ndimange pamkono. Ine ndinaona kuti wofunika chitetezo ndi Karuppan, poti linali tsiku lake loyamba kubwerera pabwalo. Ndinaumangirira m'manyenje ake, ubweya wautali wa pakhosi uja, kachidutswa kosaposa chala. A Harun, mphunzitsi wa khola lathu, anali atanena poyera kuti tsikulo kavalo akungokawongola miyendo, asakakamizidwe. A Loke anamva zimenezi ndi makutu awo.

Chimene sindinaganizire ndi anthu amene amaima pampanda pamene timazungulitsa akavalo mpikisano usanayambe. Amenewo sayang'ana kavalo yekha, amatiwerenganso ife omugwira chingwe. Ukameta ndevu amati khola likuyembekezera kupambana ndi kujambulidwa. Ukavala malaya atsopano amati lero kuli kanthu. Ndiye tangoganizani ataona chofiira, mtundu umene anzathu Achitchaina amati ndi wa mwayi. Ndinangomva manong'onong'o, kenako anthu liwiro kupita kumawindo obetchera ngati nyumba yapsa kumbuyo kwawo. Ndisanamalize kuzungulira, nambala ya Karuppan inali itagwa kuchokera kumwamba mpaka pansi penipeni.

A Loke ataona bolodi anaiwala zonse zimene a Harun ananena. Anatsika masitepe ndi chimimba chawo chija kukabetcha nawo, poganiza kuti khamu likudziwa chimene mwini kavalo sakudziwa. Karuppan anathamanga monga zinakonzedwera, anafika pakati pa gulu, osatsimphina ngakhale pang'ono. Ine misozi inalengeza ndi chimwemwe. Koma anthu ankandigenda ndi mapepala awo obetchera n'kumanditukwanira amayi, amene ali phee kumudzi ndi mawondo awo.

A Loke anabwera kukhola maso ali psuu. Anafuna kudziwa amene wandilipira kuti ndipusitse anthu. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ulusiwo ndi wa mapemphero, wochokera kwa achemwali anga.

"Iwe Kathir, mapemphero akowo uzikamanga pa mbuzi za kwanu," anatero. "Pa kavalo wanga ndisadzaonenso ngakhale kaulusi kothothoka pamalaya."

A Harun anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndingougwira mtima, pakuti mpikisano weniweni ndi wotsatirawo.

Ndipo ananena zoona. M'masabata otsatira Karuppan anasinthiratu. Ankadya mpaka kunyambita modyeramo, ubweya uli nyezinyezi, ndipo womukwera m'mamawa ankabwerako akudandaula mapewa chifukwa chomuletsa liwiro. A Harun anawaimbira a Loke kuti abwere adzaone okha. Iwo anayankha kuti m'mamawa amatsegula sitolo, ndipo ngati kavalo alidi bwino bolodi lidzawauza.

Tsiku la mpikisano wachiwiri ndinamutulutsa wopanda chilichonse pakhosi. Anthu a pampanda aja anasuzumira m'manyenje ngati akufuna nsabwe.

"Aise, ulusi uja wausiya kuti lero?" anandikuwira wina. "Ndiye kuti nanunso mwachitaya chimenechi eti?"

Ena ankati khola lathu ndi la akathyali, linawapusitsa kale. Ena ankati kusowa kwa ulusi ndiye chizindikiro choti kavalo sali bwino. Onsewo, ngakhale ankatsutsana, anamuthawa limodzi. Nambala inayamba kukwera, ndipo ine ndikuzungulira ndinkaona khosi la a Loke likukwera nayo.

Pambali pawo panakhala bambo wina woonda wa ku Ipoh, a Cheah, amene ndinali nditawaonapo kangapo m'mamawa ataima okha pampanda ndi kapu ya tiyi. Zimene zinakambidwa anandiuza ndi a Harun, amene anali pomwepo. A Cheah anati ngati a Loke atopa ndi kudyetsa kavalo ameneyu, iwo akhoza kuwapeputsa katundu. A Harun anachonderera kuti adikire mpikisano uthe kaye. A Loke anangoloza bolodi n'kunena kuti ukatha sipadzapezeka womugula. Anagwirana chanza pomwepo, ndipo kuno chanza cha pabwalo sichibwezedwa.

Manja atangosiyana, a Cheah anakodola anthu awo amene anali atayimirira kale pafupi ndi mawindo kuti abetche. Zitseko zotulukira akavalo zisanatsegulidwe nambala ija inagwa ngati kokonati wothothoka mumtengo. Karuppan anapambana, achemwali. Pokhota pomaliza anawadutsa anzake ngati aima. Pojambulidwa ndinamugwira chingwe ndine, koma pambali panga panaima munthu amene sanamupatsepo ngakhale udzu umodzi.

Chimene chikundiwawa koposa ndi zimene a Loke ananena atandipeza ndikumusambitsa. Ine ndinkati mwina abwera ndi manyazi.

"Waona?" anatero. "Linatsika lija, ndipo wapambana. Bolodi silinama, ine ndinangofulumira pang'ono."

Ndinafuna kuwafunsa ngati tsiku la ulusi lija silinatsike. Ndinafuna kuwauza kuti ulendo uno linatsika chifukwa munthu wina anadzuka m'mamawa pamene iwo ankayeza misomali. Koma ndinangopitiriza kumusambitsa, chifukwa ali ndi akavalo ena m'khola lathu ndipo ntchito ndikuifunabe.

Lole inabwera sabata yathayi. Ndinafunsa a Cheah ngati sangafune womusamala amene akumudziwa, koma anati ali nawo anthu awo. Amene anabwera kudzamutenga ndinamufotokozera za mwendo uja, kuti umafuna madzi ozizira akangothamanga, ndiponso kuti asamamuyendetse pa simenti. Ankangogwedeza mutu maso ali pa wotchi. Ulusi wanu ndinali nditausunga, ndiye ndinaumanga mkati mwa chingwe cha kumutu, kunsi kwa chibwano, kumene maso a anthu a pampanda sangafike. M'chipinda chake alowetsamo kavalo wina, wamkazi, woluma. Sindinamupatse dzina monga ndinachitira ndi Karuppan.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ku Ipoh kwa inu ndi basi imodzi yokha, ndipo ndamva kuti Karuppan athamanga kumeneko kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndikudziwa kuti simunapondepo pamalo a juga, ndipo amayi asamve zimenezi. Alamu a Periasamy akuperekezeni, pakuti njira ya kubwalo amaidziwa bwino kuposa ya kukachisi. Koma iwo okha sindingawatume, chifukwa adzabwerako ndi nkhani ya bolodi.

Inu mukaime pampanda paja pamene akumuzungulitsa. Mukayang'ane mwendo wakutsogolo wakumanzere, ngati akuuponda ndi mtima wonse monga inayo kapena akuunyengerera. Mukaonenso ngati nthiti zayamba kuoneka. Mundilembere zimenezo basi. Kaya apambana kaya agonja, zimenezo sindikufunsa.

Koma chonde musakavale sari yanu yofiira ija. Musakamukodole, musakamutchule dzina mokweza, ndipo alamu muwagwire mkono asaloze. Anthu aja akangoona mayi wachilendo akuyang'anitsitsa mwendo umodzi ndi nkhope ya pemphero, adzathamangiranso kumawindo, ndipo mwini watsopanoyo naye ndi munthu, sindikudziwa kuti bolodi likamuzunguza adzamugulitsa kwa yani. Ngati mukufuna kumupempherera chitani chamumtima. Ulusi ali nawo kale.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta aja ndi odzola, si okongoletsa kabati. Moni kwa alamu, kwa azakhali a kumunda wa kanjedza, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse. Wamng'ono uja mumuuze kuti chithunzi cha kavalo chimene anapempha ndili nacho, kungoti ndikufuna ndidule kaye munthu wina amene waima pambali.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu, amene m'mamawa akumapezeka atatunga kale madzi ozizira asanakumbukire kuti mwendo wa Karuppan uli ku Ipoh,

Kathiravan