Achotse chithunzi changa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mayi mwendo uja ukuwavutabe.

Mukukumbuka kuti bambo a Tadala atagundidwa ndi minibasi pa Nathenje, bungwe lopereka ndalama za kafukufuku wa ngozi zapamsewu linandiika m'komiti yolangiza, ati ndiziyankhulira anthu akumudzi. Pamsonkhano wathu tonse tinagwirizana kuti ayambe ndi powolokera pamsika, pomwe malemuwo anafera. Ndinafotokoza zonse mpaka kulira, iwo akulemba ndi kujambula.

Lachiwiri lapitali anatiitana ku Mitundu. A Chisale, mlembi wathu, omwe aja anayimbitsa nyimbo pamaliro, anawerenga kuti komiti yasankha kafukufuku wa maloboti a m'tauni. Ndinaimirira.

"Komiti yake iti? Tinakumana liti?"

"Mayi, akuluakulu anali atasankha kale," anatero maso ali pansi. "Ife ntchito yathu n'kulangiza chabe, ogamula ndi ena."

Atatipatsa lipoti, ndinalitsegula pomwepo. Patsamba loyamba pali chithunzi changa ndikulira, ndipo m'munsi mwake analemba kuti anthu akumudzi avomereza. Anandiitanira chimenechi, achimwene.

Inu sukulu munapita nayo patali. Chonde mundilembere kalata ya Chingerezi yotula pansi udindowu, ndipo munenemo mosapsatira kuti achotse chithunzicho. Ine ndinkalira mwamuna wanga, sindinkavomereza za maloboti.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati